Voti Yanga Yoyamba ku Ballymun

Chaka chomwe ndinayamba ntchito yosamalira okalamba, mapolo a magetsi ku Ballymun anadzaza ndi zithunzi za opikisana pa chisankho cha makhansala. Loweruka lina masana, mayi wina mwa opikisanawo anagogoda pakhomo panga, ambulera ikudontha.

"Pepani mayi, musataye nthawi," ndinatero. "Ine si nzika ya kuno."

"Chisankho ichi aliyense wokhala kuno amavota," anayankha. "Chikukusowetsani mtendere n'chiyani m'dera lino?"

Ndinamuuza za basi yam'mawa yomwe inkandichedwetsa kuntchito, ndipo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

Ndinakalembetsa m'kaundula wa ovota sabata yomweyo. Tsiku lovota ndinalowa m'holo ya sukulu ndili mu yunifolomu yakuntchito, n'kuponya voti yanga. Mayiyo sanapambane, koma akuti adzaimanso, ndipo nane ndidzapitanso.