Chikuta cha m'galaja

Mayi Enelesi Kaliati a kwa Nazombe ndi munthu wamantha, ndipo eni ake sakana. Amaopa mphenzi, amaopa agalu, njinga yamoto ndiye musanene, ankati adzaikwera ali maliro. Koma pa khasu musawayese. Chimwalirireni amuna awo a Laston, ana onse awalera ndi nandolo wolima ndi manja awo.

A Laston anali dalaivala wa lole. Anasiya nyumba yakale ya njerwa zowotcha, kumbali kwake kuli galaja. Lole inapita kalekale, galajayo n'kusanduka mosungira matumba.

Namondwe wa chaka chija atagwetsa nyumba ya mwana wawo Aliness, mtsikanayo anabwerera kwa mayi ake ali ndi pakati, mwamuna ali ku Joni. Zipinda zinali zitadzaza kale ndi abale othawa madzi. Ndiye a Enelesi anaitana mmisiri, a Fletcher, kuti galaja ikhale chipinda. A Fletcher anatseka chikhomo cha galimoto chija ndi njerwa, n'kumanga khoma pakati: kuno kwa Aliness, uko kwa matumba, mbali iliyonse ndi kachitseko kake. Njerwa zinathera panjira, khomalo n'kulekezera m'khosi mwa munthu, osafika kudenga. Zenera anati adzaboola m'tsogolo.

"Zenera lachiyani?" anatero a Enelesi. "Mukufuna mphepo indiphere mdzukulu?"

Mwana anabadwa nthawi yokolola nandolo. Atachoka kuchipatala analowa m'chikuta, muja mayi ndi khanda amabindikira osaonedwa ndi anthu mpaka mchombo utagwa. Apa ndiye mantha a mayiwa anapeza ntchito. Ming'alu yonse anaitseka ndi sanza, kunsi kwa chitseko n'kutsekako ndi chiguduli. Mphepo isalowe, diso la munthu lisalowe.

Masiku omwewo Dave, mlongo wake wa Aliness, anaona anankafumbwe mu nandolo. Anagula pamsika mapiritsi aja otulutsa mpweya wopha tizilombo, n'kuwasomeka m'matumba kuseri kwa khoma, n'kukhoma chitseko. Sanauze munthu. Auzirenji? Chaka ndi chaka amatero, m'galaja momwemo.

M'mawa mwake Aliness anadandaula mutu ndi nseru. Mayi ake anati n'za uchembere izo, n'kumufunditsa bulangete lina. Masana anatsegula kwa matumba kuti atape nandolo wa ndiwo. Mayo ine! Makoswe ali lambalamba pansi, akufa. Nkhuku imene inkafungatira mazira pakona itauma gwa. Fungo lake ngati adyo wowola. Atakweza maso anaona mpata uja pamwamba pa khoma, n'kuzindikira kuti mpweya wakuphawo ukudutsira pomwepo kupita kwa Aliness.

Anathamangira kwa Aliness. Anamupeza atasanza pamphasa, kudzuka kukumukanika. Khanda lili zii, milomo itada. Mchombo unali usanagwe. Chibadwire chawo anali asanaonepo mwana wa m'chikuta akutulutsidwa poyera. Koma anamunyamula.

"Dave! Iwe Dave! Nyamula mlongo wako, tafa ife!"

Tsiku limenelo anthu a kwa Nazombe anaona zosaonekaoneka: a Enelesi pa njinga yamoto, opanda duku kumutu, akukalipira wakabaza kuti akuyenda ngati ngolo. Njira yonse ankaika tsaya lawo pamphuno ya mwana kuti amve mpweya. Sankaumva. Ankangobwereza kuti, "Ambuye, ming'alu ija ndatseka ndine, ndatseka ndine."

Kuchipatala anamwino anawalanda mwana n'kutseka chitseko. Iwo anakhala pansi pakhonde, miyendo tambasu, osatha ngakhale kupemphera. Dave atafika ndi Aliness pa njinga ina, sanayerekeze kuwayang'ana kumaso. Dzuwa litapendeka m'pamene kulira kunamveka m'katimo, kakang'ono, kosasa ngati kwa kamwana ka mphaka. Aliness anagonekedwa, nayenso anachira.

Atabwerera kunyumba sanadikire a Fletcher. Anatenga nyundo n'kuboola okha khoma la galaja. Zenera lake n'lokhota, lalikulu ngati khomo, ndipo ana asukulu amaliseka podutsa. Aseke. Matumba tsopano amagona m'kanyumba kawokawo kuseri kwa khola.

Mwana uja ndi Princess, pano akuthamanga pabwalo, wamakani ngati mbuzi. Koma akangogona tulo tofa nato masana, agogo ake amasiya chilichonse chili m'manja, n'kugwada, n'kuika tsaya pamphuno yake.