Chinjoka Chosunga Sopo

Ine ndine munthu woyamba m'chigawo chonse cha kum'mawa kulenga dziko lathunthu, la mitsinje, mapili ndi mafumu ake, popanda thandizo la boma. Dzikolo ndinalilenga pa pepala la thumba la simenti, ndipo palibe anapondamo.

Masiku amenewo n'kuti nditangobwelela ku Petauke kuchoka ku koleji ya uphunzitsi, kumene ine ndi mayeso tinasiyana mwaulemu, aliyense njila yake. Anthu ankanditchula "aja a koleji", motsitsa mawu ngati akulengeza malilo.

Tsiku lina aphunzitsi ena, amene boma linawatumiza kwathu kuchoka ku migodi, anandionetsa kalata ya mng'ono wao wophunzila ku Mangalande. Iye analonjeza kutumiza masewela atsopano m'bokosi. Akuti munthu mmodzi amasimba za dziko longopeka, anzake n'kusanduka ankhondo a m'dzikomo, ndipo kamwala ka mbali makumi awili ndiko kamaweluza ngati wapha chilombo kapena chilombocho chakudya iweyo. Malamulo onse anali m'mabuku a m'bokosimo.

"Wosimbayo afunika wodziwa Chizungu komanso wopanda chochita," anatelo aphunzitsi. "Ndaganiza za inu."

Ndinavomela ngati wolandila unduna. Apa ndinaona mpata woti dzina lija la malilo lindichoke: akulu akulu a ndevu adzakhala pansi, ine n'kumawauza kuti uku kuli mtsinje, iwo n'kumakhulupilila.

Poyembekeza bokosi, tinkakumana Loweluka masana pakhonde la aphunzitsi, pamodzi ndi akalaliki a ku depoti ya thonje ndi atelala a pamsika. Malamulo sitinkawadziwa, koma zimenezo sizinaletsepo munthu kukangana. Ndinayala pepala langa n'kuwaonetsa phanga la chinjoka cha mapiko, cholavula moto, chogonela mulu wa golide.

"M'dzikomo zipani zilimo zingati?" anafunsa akalaliki, akusuzumila kumseu.

"Mulibe zipani, bambo. Muli mafumu."

"Lembanimo chimodzi. Ine ndili ndi ana."

Ndinalemba. Atelala nao anayamba. "Golideyo ndikagule naye chani? Mwapitako ku sitolo masiku ano? Akugulitsa mashelefu."

Anakweza manja, atatu kutsutsana ndi ine ndekha, golide n'kuchotsedwa. M'malo mwake chinjoka changa, choopsa m'maiko asanu ndi awili, anachigoneka pa shuga, mafuta ophikila ndi sopo. Akalaliki anafuna kudziwa ngati paphangapo pamakhala mzele, kuti atume alamu ao akawagwilile malo. Atelala anakana kukhala wankhondo wa lupanga, akuti iwo angokhala msuweni wa chinjokacho, azilowela kukhomo la kumbuyo. Ndinawayang'ana anthu amenewa. Ukawapatsa mapiko, iwo amafunsa ngati angawadye.

Nthawi yonseyi akazi a aphunzitsi ankachapa chapafupi ndi madzi okhaokha, akumenyetsa malaya pamwala. Kamodzi kokha anatukula mutu.

"Aja a koleji, bokosilo n'lalikulu bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi manja, ndikunyadila kuti ngakhale amai ayamba kukonda za maphunzilo. Anangogwedeza mutu.

Patatha miyezi itatu, uthenga unafika kuti munthu wobwela nalo bokosi walisiya pa sitolo ina ku Nyimba. Ndinadzipeleka kukalitenga. Ndinakwela pamwamba pa lole ya thonje, fumbi m'kamwa, mbuzi ya munthu wina ikundidya kolala. Pobwelela ndinalifukata bokosilo ngati khanda. Linali lolemela ndiponso lonunkhila, ine n'kumati kani nzelu za ku Mangalande zimamveka fungo lotele.

Tinalitsegula pakhonde paja, ine nditavala tayi. Munali sopo. Mitanda yokhayokha, yosanjidwa bwino mpaka pamwamba. Panalinso kakalata kopita kwa akazi a aphunzitsi, ndipo amuna ao anakawelenga mokweza: "Alamu, ndachita monga munandilembela. Mabuku ndachotsa kuti sopo akwane." Pakona panatsalila kamwala kaja ka mbali makumi awili, kopanda wokauza chochita.

Amai aja analulutila. Atelala anandigwila chanza ndi manja awili. "Munanena zoona, aja a koleji! Sopo analimodi m'phangamo!" Akalaliki anaima kale pa mzele.

Aliyense anapatsidwa mtanda wathunthu poti anali ndi banja. Ine anandidulila kachidutswa ndi ulusi. Kenaka amai anapempha pepala lokulungila, maso ali pa dziko langa. Analing'amba patatu. Phanga la chinjoka linapita kwa akalaliki, mtsinje waukulu kwa atelala, ndipo chipani chija chinagwela ine.

Dzina la malilo ndili nalo mpaka lelo. Lole ya ku Nyimba, kupita ndi kubwela, inandidya kwacha imodzi ndi ngwee makumi awili.