Consolata ndi Kagalu ka M'chigafa

Galu wanga Sajeni adathamangitsapo njovu. Idalowa m'munda mwanga kuti idye maungu, iye adayiluma mchira, ndipo idathawa osacheuka mpaka kukagwera m'damu la ku Lifupa, madzi n'kusefukira. Mukafunse ku Kaluluma konse, akakuuzani.

Chabwino, musakafunse. Ndanama. Sajeni njovu sadayionepo, ndipo atayiona akhoza kungoyasamula. Ndi galu wokalamba, waulesi woti nkhuku zimamuponda pamimba popita kukamwa madzi iye osatsegula ndi diso lomwe. Ndamutchula chifukwa ulesi wakewo uli ndi gawo m'nkhani ya Consolata, ndipo nkhani ya Consolata ndiyo yandiwawitsa mtima mpaka kugwira cholembera, ine Yobu, munthu woti ntchito yanga ndi pakamwa.

Consolata ndi mwana wa mlongo wanga. Mwamuna wake adamwalira ana akadali aang'ono, iye n'kulowa ntchito pa esiteti ya fodya ya kutsidya kwa dambo lathu. Mpaka lero ali pomwepo. Mvula ikamagwa amasoka fodya, ikasiya amakhala m'shedi kusankha masamba. Zala zake zidada ndi phula la fodya, sopo adazilephera kalekale. Salankhulalankhula. M'banja mwathu mawu onse adagawira ine, iye adangolandira kuleza mtima.

Tsono imvani zimene zimachitika pa esitetipo. Fodya akapita ku okushoni, matenanti ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje amakwera lole kubwerera kwawo. Lole imanyamula chilichonse: mphasa, mapoto, njinga, nkhuku, ngakhale mtondo. Ine ndidaonapo tonde wonunkha atakhala pafupi ndi giya ngati kondakitala. Koma galu, dalaivala amakana kwamtuwagalu, eti adetsa galimoto. Galimoto yake yodzaza kale zitosi! Ndiye ana akulira, bambo amatenga twaini wosokera fodya n'kumangirira kagalu kawo pa mzati wa chigafa, kuti kasathamangire lole n'kugundidwa pamsewu. Mumtima amati wina adzakamasula. Winayo ndani? Anzake onse akwera lole yomweyo, ndipo aliyense wamanga kake, akudalira mnzake.

Winayo ndi Consolata. Fumbi la lole likangotsika, amatenga mpeni n'kuzungulira zigafa zonse, kudula matwaini. Agaluwo amawasunga kuseri kwa nyumba yake, amawadyetsa gaga ndi mitu ya usipa, akazolowera anthu amawagawa m'midzi. Palibe amamutuma. Anzake a m'shedi amamuseka kuti adakwatiwanso ndi agalu. Agalu omwewo ndi amene akuuwa m'makomo mwawo lero, koma zikomo, ng'o!

Chaka chino zidavuta. Lole itabwera, Consolata adali ku chipatala cha ku Boma kudwazika mwana. Pobwerako adapeza agalu ena atamasulidwa ndi oweta ng'ombe, koma m'chigafa cha kumapeto, kumene anthu safikako, mudali kagalu kofiira. Kadali katatafuna twaini mpaka kudula, chidutswa chotsala chitalowa m'khosi. Nthiti zinkawerengeka uli pamsewu. Kadakumba una pansi pa mulu wa mapesi a fodya, ndipo munthu akayandikira kankatulutsa mano, dovu lili chuchuchu, uku kakudzikodzera.

Wachiwiri kukaona adali Davison, kapitawo wa esitetiyo, munthu woti ngakhale kuchimbudzi amapita pa njinga yamoto. Ine ndidali pomwepo, ndidapita kukamuona wodwala uja.

"Wachiwewe uyu," adatero Davison osatsika panjinga. "Mayi, tsekani ana anu m'nyumba. Ndibweretsa chiphe cha tameki, tiike m'mkute, zithe."

"Kakuopa chabe, akapitawo," adatero Consolata.

"Mano awo simukuwaona?"

"Inuyo atakumangani pa mzati opanda madzi, mungatisekerere?"

Ine ndidathirapo ndemanga. Ndidati: "Davison mwana wanga, kukhala kuti aliyense wamantha timamupatsa tameki, iwe bwenzi titakuika m'manda tsiku lija bwana adabwera mosayembekezeka, iwe n'kubisala m'jeke yodindira mabelo."

"Madala, inu nkhani za ntchito sizikukhudzani."

"Zikundikhudza. Dovu lako tsiku limenelo ndidaliona."

Consolata adandiyang'ana diso loti khalani chete, n'kupempha Davison mwaulemu. Adati ana sadzafika ku chigafako, ndipo ngati kagaluko kakudwaladi matendawo aoneka okha. Davison adaliza injini kaye kuti tidziwe kuti iye ndi munthu wotanganidwa, kenaka adagamula. Alangizi a ziweto adali atalengeza katemera wa chiwewe pa sitolo za pa Kaluluma kumapeto kwa mwezi. Kagaluko kakafika pa katemerapo, kakhala ndi moyo. Kakalephera, tameki.

Mudziwe kuti adaneneratu akudziwa kuti n'zosatheka. Ndipo izi n'zimene zimandinyansa. Kagaluko kadalakwa chiyani? Adakamanga ndi anthu, adakaiwala ndi anthu, ndiye kakaopa anthu mlandu ukhale wake? Kwathu kuno mankhwala a galu wamantha ndi awiri basi, mwala ndi chiphe. Munthu wamkulu ndithu, wa mpingo, woimba kwaya, akaona galu wapinda mchira dzanja limangotsikira pansi lokha kufuna mwala.

Njira ya Consolata ndi msana. Ankapita ku chigafa chija ataweruka, n'kuika mbale ya phala la gaga pafupi ndi unawo, iye n'kukhala chapatali atafulatira, akusenda mtedza. Osakaitana, osakayang'ana. Amangokhala, ngati chitsa. Mawa lake mbale ija ankayisendeza pang'ono kufupi ndi pamene amakhala.

Ine ndidati ndithandize. Ndidafika ndi mluzu wanga wodziwika, umene umaimitsa minibasi ili ku Chatoloma, n'kugwada pa unapo: "Bwera, mwanawe, bwera kwa agogo!" Kagaluko kadalowa pansi mpaka ndikhulupirira kadatulukira ku Zambia.

"Amalume," adatero Consolata osatembenuka, "maso anuwo kwa iko ndi miyala. Khalani apa, muyang'ane kumene ndikuyang'ana ine. Ndipo pakamwapo."

"Pakamwa patani?"

"Mutseke."

Ndidatseka. Chibadwire changa sindidavutikepo chotero. Koma dzuwa litapendeka ndidamva kapumidwe kumbuyo kwathu, kenaka kunyambita mbale. Patapita masiku kagaluko kadayamba kununkhiza chitenje cha Consolata chakumsana, ndipo tsiku lina kadalola kuti adule chidutswa cha twaini chija n'kutsuka bala ndi madzi amchere.

Cholakwika chidachitika katemera atayandikira. Pa katemera galu amapita ali pachingwe, ndiye Consolata adati akayese. Kagaluko kangoona chingwe m'manja mwake, kadalira kulira kumene sindifuna kudzakumvanso, n'kubwerera mu una. Phala lidagona m'mbale, nyerere n'kuchita phwando. Davison ankadutsa pamsewu akuliza hutala, akugwedeza kapepala ka tameki m'mwamba ngati mbendera.

M'mawa wina Consolata adatulukira pakhomo panga.

"Amalume, mundibwereke Sajeni."

"Wa njovu uja? Samala naye, mwana wa mlongo wanga, ameneyu akalusa..."

"Ndikufuna wogona uja."

Ulendo wa kutsidya kwa dambo Sajeni adapumira panjira ngati nkhalamba yopita ku sikelo. Atafika m'chigafa adaona mulu wa mapesi, adazungulira, n'kudzigwetsa pansi, mkonono n'kuyamba. Ntchito yonse imene adagwira ndi imeneyo. Kagalu kaja kadasuzumira. Kadaona galu mnzake atagona chagada anthu ali pomwepo, wopanda nkhawa ndi imodzi yomwe. Kadatuluka, kadamununkhiza, iye osadziwa n'komwe. Pofika madzulo kadali katagona kotsamira mimba yake. Kuyambira pamenepo Sajeni akadzuka, nako kadzuka. Akapita kukamwa, kali pambuyo.

Tsiku la katemera tidayenda mwa ligubo lathu. Patsogolo Consolata, atagwira chingwe cha Sajeni. Pambuyo pa Sajeni kagalu, kopanda chingwe, mphuno ili pa mchira wa mkulu wake. Pambuyo penipeni ine ndi ndodo, kuyang'anira manja a anthu. Bambo wina pa chigayo adawerama kuti atole mwala, ndidamuuza kuti akautola audya. Adanamizira kumanga nsapato, chonsecho adavala patapata.

Pa sitolo padali phokoso, agalu a m'midzi yonse akukokana ndi eni ake. Kagalu kathu kadanjenjemera n'kulowetsa mutu pansi pa khosi la Sajeni. Consolata adakafunditsa chitenje, mlangizi adabaya pa ntchafu, basi. Sajeni naye adabayidwa, koma nkhaniyo sadaimve mpaka lero.

"Dzina lake?" adafunsa mlangizi.

"Adatisiya," adatero Consolata.

Mukuganiza kuti zidathera pamenepo? Simumudziwa Davison. Ataona kagaluko kayamba kunenepa, ubweya ukuwala, adabwera ndi nzeru zatsopano. Eti galu wobadwira pa esiteti ndi katundu wa esiteti. Eti akatenga, akakatsekere m'chipinda cha mabelo kosaona munthu, azikakadyetsa mavu osinja ndi tsabola kuti kaluse, kazilondera fodya. Munthu yemweyo amene ankafuna kukapha chifukwa chotulutsa mano, tsopano akufuna kukazunza kuti katulutse mano! Consolata adachonderera, koma ntchito yake ili m'manja mwa Davison, ndipo nyumba imene amagonamo ndi ya esiteti.

Lamulungu, Consolata ali ku tchalitchi, ndidapita kukatenga galu wanga. Galu wanga, ndikubwereza. Sindidabe kanthu. Ngati china chake chidatsatira mchira wa Sajeni kuwoloka dambo mpaka m'khitchini mwanga, umenewo ndi mlandu wa mchira. Kwathu Davison safika, njinga yake imaopa matope.

Lolemba ndidakamupeza Davison pa sikelo ya mabelo nkhope yanga ili yachisoni. Ndidamuuza kuti kudabwera fisi wamkulu ngati thole, maso ngati nyali za thirakitala, ndipo adameza kagaluko osatafuna.

"Masana?" adafunsa Davison.

"Afisi a masiku ano alibe manyazi."

Adagwedeza mapewa. "Wandisungira tameki wanga," adatero, n'kubwerera ku mabelo ake. Consolata sindidamuuze dala. Mwana ameneyu bodza salitha, Davison akadangomuyang'ana kumaso n'kudziwa zonse.

Consolata adafika kwathu madzulo a tsiku lomwelo, maso ali psuu, moni wake wamfupi.

"Amalume, akuti fisiyo mudamuona ndinu."

"Ndi maso angawa. Ndidamuthamangira, mwana wa mlongo wanga, ndidamugwira mwendo wakumbuyo, adandikoka m'dambo monse, taona bondo ili."

"Bondo limenelo lidatupa ine ndili mtsikana."

"Latupanso kachiwiri."

Adayang'ana pabwalo. Sajeni adali atagona mopingasa pakhomo la khitchini, chitseko chili chotsekedwa ndi mtondo. Pambali pake padali mbale ziwiri, zonse zonyambitidwa mbee.

"Sajeni wayamba kudyera mbale ziwiri?"

"Chisoni. Ena chisoni chimawadyetsa."

Consolata adapita n'kusuntha mtondo uja, chitseko n'kutseguka pang'ono. M'katimo sadasuzumiremo. Adakhala pansi pomwepo atafulatira khomo, manja ali pamiyendo, n'kungoti chete. Ine ndidayamba kufotokoza za mitengo ya fetereza mokweza mawu, koma sizidathandize. Padatulukira kamphuno kofiira, kenaka makutu, kenaka thupi lonse likugwedezeka ndi mchira. Kadaponda Sajeni pamimba, n'kukaika mutu pamsana pa Consolata.

Iye osatembenuka, adapisa dzanja kumbuyo n'kukasisita pakhosi, pa chipsera cha twaini paja.

"Amalume," adatero, "fisi wanuyo adameza osatafuna, kenaka n'kudzalavulira m'khitchini mwanu, n'kutseka chitseko ndi mtondo?"