Kiyi wa mzikiti m'thumba la amuna anga

Amuna anga ndiwo amaitana azana pa mzikiti wathu waung'ono wa ku Katete, ndiye kuti ndiwo amaitanira anthu kuswala, kupemphera kwathu. Kiyi amasunganso iwo. Ndi munthu wofatsa mopitirira, woti sangakanize munthu kanthu ngakhale atawapempha nsapato zomwe avala. Ine ndiye ndimawakanira.

Chaka cha korona, boma litaletsa misonkhano ikuluikulu, a Shehe anaitana akuluakulu n'kuwauza kuti mzikiti utsekedwe. Anati m'Chisilamu kuteteza moyo wa anthu kuli patsogolo, ndipo dziko likakhala pa mliri, lamulo limayang'ana chopindulira onse. Azana ipitirire, koma kumapeto kwake aziuza anthu kuti aswalire m'nyumba zawo.

Amuna anga anabwera ali ndwii. Ine mumtima ndinakondwa, ngakhale sindinaonetse.

Vuto linali mnzawo wapamtima, a telala okalamba amene anachokera ku Malawi kalekale. Anali ndi mphumu, akamapuma mumamva muli kuseri kwa nyumba. Lachinayi madzulo anafika kwathu n'kukhala pakhonde.

"Achimwene," anatero a telala, "mawa mutsegule pang'ono chabe. Tilipo khumi. A Shehe sadziwa."

"Manje lamulo latuluka kale," anayankha amuna anga, maso ali pansi.

"Ine chiyambire unyamata sindinajombepo swala ya Lachisanu. Ndiyambe lero chifukwa cha chimfine?"

Ndinkatsuka makapu pafupi, makutu ali komweko. Ndinadziwa kuti mwa anthu khumi aja muli amalonda awiri amene amakwera minibasi ya ku Lusaka sabata iliyonse. Mlendo atachoka ndinalephera kudzigwira.

"Bambo, mukatsegula, woyamba kumunyamula kupita kumanda ndi mnzanu yemweyu. Mudzatha kumuyang'ana mkazi wake?"

Ndinaganiza zobisa kiyi m'thumba la mtedza, koma ndinaona kuti nkhaniyi ndi yawo.

Lachisanu masana ndinaima pabwalo, mantha atandigwira. Sipika inalira, amuna anga akuitana azana. Atafika kumapeto anauza anthu kuti aswalire kwawo. Patapita nthawi ndinawaona akubwera mumsewu, a telala ali patsogolo, akugwedeza ndodo ndi kulalata. Amuna anga ankatsatira chapatali ngati mwana wolakwa. Anali atadzitsekera mkati poitana, n'kutseka ndi loko potuluka, ndipo anamuperekeza mnzawoyo mpaka pakhomo pake.

Tsiku limenelo tinayala mkeka pabalaza kuti tiswale. Amuna anga anaima kutsogolo, ine kumbuyo. Zaka zonse za ukwati wathu ndinkawamvera pa sipika, koma apa mawu awo anali pafupi, otsika. Ndinasangalala, ndipo masabata amenewo ndimawakumbuka bwino.

A telala anakwiya zenizeni. Mathalauza a amuna anga amene anali kwawo anawabweza osasoka.

Mzikiti utatsegulidwanso, anthu atavala zotseka pakamwa ndi kuima motalikirana, a telala anafika woyamba n'kukhala mzere wakutsogolo. Mmodzi mwa amalonda a ku Lusaka aja tinali titamuika m'manda.

Mpaka lero a telala akabwera kudzamwa tiyi amauza aliyense kuti amuna anga ndi amantha. Amuna anga amangomwetulira. Ine ndimawathirira tiyi wina, kuti apitirize kulalata.