Nsalu Imene Ndinapita Nayo ku Meponda

Ndinanyamuka kwathu ku Sanjala, mu mzinda wa Lichinga, Loweruka m'mawa, 6 koloko isanakwane, ndikuyenda monyang'ama ngati mbala. Kunena zoona ndinalidi mbala. Mwana wanga Selina ali ku bafa, ndinalowa m'chipinda chake, ndinasolola nsalu yopindapinda imene inali pansi pa pilo, n'kuiponya m'thumba lakuda la pulasitiki osaiyang'ana n'komwe. Ndili pageti ndinakuwa kuti ndapita kuntchito. Iye anayankha kuti, "Chabwino, Papa." Masiku ambiri macheza athu ankathera pomwepo.

Mayi ake, Madalena, anatisiya chaka chatha m'nyengo ya mvula. Kuchokera pamenepo m'nyumba munatsala anthu awiri opatsana moni ngati alendo okumana pa malo ogona. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya sukulu, zaka makumi awiri ndikudinda makalata. Mwana wa eni ndimatha kumufunsa dzina, kwawo ndi tsiku lobadwa osaphethira, koma wangayu, wa zaka khumi ndi zisanu, sindinkadziwa pomuyambira.

Kenaka ndinayamba kuona zachilendo. M'mawa uliwonse chitseko chake chinkakhala chotseguka pang'ono, ndipo ine ndinkasuzumira. M'kamdima ka m'bandakucha Selina ankayala nsalu pansi, n'kuima ndi mwendo umodzi, manja m'mwamba, maso ali otseka. Akatero ankagwada, mphumi pansi, n'kukhala duu kwa nthawi yaitali. Ndinakauza a Dona Roza, oyandikana nafe nyumba, amene timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Iwo sanachedwe kugamula: kapena mwanayo akuphunzira mobisa swala ya Asilamu, kapena amulowa majini. Ndiwo anandipatsa dzina la Abiti Saide wa ku Meponda, mayi wodziwa kutulutsa majini, nandiuzanso mwambo wake, wakuti ngati wodwala sangapite, umatenga nsalu imene iye saisiya. Mmodzi ndinali nditaika kale m'manda. Ndinkaopa kuti wachiwiri akundipulumuka m'manja ndikuona.

Pa siteji panali galimoto imodzi yokha yopita kunyanja, yotsegula kumbuyo. Unali mwezi wa Juni, ndipo amene amati dziko lathu ndi lotentha sanagonepo ku Lichinga. Wotolera ndalama anandiyang'ana jekete ndi nsapato zopolisha, n'kunena kuti, "Duzentu, patrau." Ndinapereka mametikali mazana awiriwo, iye n'kulumbira kuti tikunyamuka pompano. Pompano wakeyo anatha maola awiri. Ndinamwa tiyi, ndinadya buledi woikamo bajiya ziwiri, tizitumbuwa ta nyemba tija, ndinawerenga matumba a mbatata ndi nyemba amene ankakwezedwa, mpaka ndinasowa chowerenga.

Tinanyamuka cha m'ma 8 koloko. M'galimoto zoterezi mulibe pogwira, umagwira mnzako. Mayi wina wogulitsa nsomba, amene ankabwerera ndi madengu opanda kanthu, anandigwira m'chiuno pa bampu yoyamba ndipo sanandisiyenso. Ndinachita manyazi, kenaka ndinazindikira kuti chimwalirire Madalena palibe munthu amene anandikhudzapo kupatula pa moni wa mtendere wa ku tchalitchi. Ndinayang'ana kumbali, kunamizira fumbi.

"Bambo, ku Meponda mukukatani?" anafunsa mayiyo.

"Kukagula nsomba."

"Ehe! Nyumba ya Abiti Saide ili kuseri kwa mzikiti, pali mtengo wa mango," anatero. "Onse ovala jekete amapita kumeneko, ndipo onse amati akukagula nsomba."

Galimoto yonse inaseka. Nanenso ndinaseka, pakuti ukagwidwa wagwidwa.

Mitengo ya paini itatha, msewu unasanduka fumbi lofiira lokhalokha. Tinaima pa mudzi wina kuti dalaivala amwetse injini madzi, ndipo ndinagula chinangwa chootcha cha mametikali khumi chimene chinandikakamira pakhosi. Kuchokera pamenepo tinayamba kutsika, kukhota uku ndi uku, mabuleki akulira. Kuzizira kunatsala kumtunda. Pofika 11 koloko jekete inali pamkono, malaya atanyowa, ndipo fungo la usipa linatilandira tisanaone n'komwe madzi.

Ndinkayembekezera gogo wa mikanda m'kanyumba ka mdima. Ndinapeza mayi wa msinkhu wanga, wonenepa, foni ili m'khosi, akutembenuza usipa pa thandala. Anandilonjera kuti asalamu aleikumu, ine n'kuyankha mosokoneza, ndipo anandilozera mkeka pansi pa mango. Ndinafotokoza zonse, iye osasiya ntchito yake.

"Amagwa? Amatuluka thovu?" anafunsa.

"Ayi."

"Amalankhula ndi mawu a munthu wina, kapena chilankhulo chosachidziwa?"

"Salankhula n'komwe, mayi."

"Kudya?"

Ndinaganiza kaye. "Masiku ano akudyako bwino. Poyamba ankangotola."

"Ndipo zimenezi amachita nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse? Walahi, majini osunga nthawi ngati ogwira ntchito m'boma sindinawaonepo. Tandionetsani mmene amachitira."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe wondidziwa. Ndinavula nsapato, ndinaima ndi mwendo umodzi, n'kupendekeka mpaka kugwira mtengo. Kenaka ndinagwada, mphumi pamkeka, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Abiti Saide anaseka mpaka kukhala pansi.

"Swala si imeneyo, bambo. Tikanamaswali chonchi, mzikiti ukanatsala ndi ana okhaokha. Bweretsani nsaluyo ndione."

Anaitulutsa m'thumba muja n'kuitambasula padzuwa. Inali kapulana yobiriwira ya maluwa achikasu, yokhala ndi kabowo kakupsa pakona. Kabowoko ndinkakadziwa, chifukwa ndine ndinakaboola ndi khala la m'mbaula tsiku lina ndikuyesa kuthandiza kuphika, ndipo Madalena anandinena nako sabata yathunthu. Titachotsa maliro, abale ake anagawana zovala zonse monga mwa mwambo, ine ndikuganiza kuti m'nyumba simunatsale kanthu. Mwanayo anali atabisa imodzi.

"Ndi ya mayi ake," ndinatero. "Anamwalira."

Abiti Saide anasiya kuseka. Anaipinda bwinobwino, kona ndi kona, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Pepani. Koma mwabweretsa nsalu ya munthu wina, ndipo ine akufa sindichiza. Mwanayo akudziwa kuti mwaitenga?"

"Ayi."

"Munamufunsapo chimene amachita?"

Ndinangobweza nsaluyo m'thumba. Anapukusa mutu, n'kunena kuti safunsa anadya phula. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mtolo wa udzu wonunkhira ndimu, uja timautcha balakati.

"Uwu muziwiritsa madzulo. Si wa mwanayo, ndi wanu, maso anuwo sagona. Mankhwala sindikulipiritsani, koma usipa mugula, kuti bodza lanu la m'galimoto likhale loona." Mbiri yanga inali itandipitirira kale kufika.

Ndinadya mpunga ndi utaka pa kanyumba kena pafupi ndi siteji, ndekha, thumba lili pamiyendo. Galimoto yobwerera inanyamuka 2 koloko itadzaza madengu a nsomba. Ulendo uno panalibe wondigwira m'chiuno, ndinakhala pamwamba pa katundu ndikukumbatira thumba langa. Pokwera phiri injini inkabuula, ndipo kawiri konse amuna tinatsika kuti galimoto ipepuke. Njira yonse ndinkangoganiza chinthu chimodzi: Selina wachoka ku bafa, wakweza pilo, ndipo sanapeze kanthu. Pamene mitengo ya paini inkaonekeranso, ndinavala jekete, koma kuzizira kumene ndinkamva sikunali kwa Juni yekha.

Ndinafika ku Sanjala 5 koloko itapitirira. Matiresi anali panja. Masutikesi anali otsegula pakhonde, zovala zili mbwee, ndipo Selina anakhala pakati pake, maso atatupa.

"Papa, kwabwera akuba," anatero. "Sanatenge kanthu kena, angotenga..."

Ndinamupatsa thumba lija. Anasuzumiramo, n'kuyang'ana ine. Anatulutsa nsaluyo, anainunkhiza, ndipo nkhope yake inasintha.

"Ikununkha usipa."

Chaka chathunthu anali asanaichape. Ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale kumanda. Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti yozizira, n'kumuuza zonse: za a Dona Roza, za majini, za mayi wondigwira m'chiuno, za kuima kwanga ndi mwendo umodzi pansi pa mango. Pa mwendo umodzipo anayesa kudzigwira, koma kuseka kunamupulumuka misozi ili m'masaya.

"Ndi yoga, Papa. Anatiphunzitsa ndi a profesora a masewera ku sukulu. Amama atapita, pachifuwa pankandithina, ndinkalephera kupuma bwino. A profesora anati ndiziyesa m'mawa uliwonse. Ndikagwada pa nsaluyi ndimapuma." Anasisita kabowo kaja ndi chala. "Ndinkakuonani pachitseko."

"Unkandiona?"

"Tsiku lililonse. Mukuganiza kuti ndinkachisiyiranji chotsegula, kuzizira konseku? Ndinkadikira kuti mwina mulowa."

Ndatsika phiri lonse lija ndi kulikweranso, ndadya fumbi, ndasekedwa ndi galimoto yathunthu, kukafunsa kwa mlendo chimene chinali kuseri kwa chitseko chosatseka. Fungo la Madalena ndinalisiya m'njira ya ku Meponda, ndipo silidzabweranso. Zimenezo Selina sanandinenepo mpaka lero, koma ine ndimadziwa chimene ndinamulanda.

M'mawa mwake, Lamulungu, ndinadzuka ndi kukaima pamalo panga pa masiku onse. Chitseko chinali chotseguka pang'ono. Ndinavula nsapato, n'kugogoda.