Khutu la a Japhet

Ku Likangala kuli mtengo wa mango umene pansi pake sipameranso udzu chifukwa cha oyilo. Pamenepo ndiye pa galaja ya a Japhet. Chikwangwani palibe, denga palibe, koma kwa zaka makumi atatu madalaivala a malole otsitsa matabwa kuphiri akhala akuima pamenepo. Masipanala ali nawo aliyense. Chimene madalaivalawo amatsata ndi khutu la mkuluyu.

A Japhet sukulu anasiyira sitandade sikisi, ntchito anaiphunzirira pa mathirakitala okoka mitengo pamwamba pa phiri la Zomba. Kagwiridwe kawo n'kamodzi. Amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini ikulira, chogwirira n'kuchitsamiritsa kukhutu, kenako n'kutsinzina. Pakapita kanthawi amangoti, "Yachitatu," ndipo ukatsegula vuto umalipezadi pa silinda yachitatu. Anthu amachokera ku Domasi ndi ku Thondwe kudzangomvetsera mawu amodzi amenewo.

Koma khutulo linali likupita, ndipo ine ndinkadziwa. Akazi awo, a Juliana, timasonkhana limodzi ku Mvano, ndipo tsiku lina anandinong'oneza kuti wailesi kunyumba bambo amaikweza mpaka oyandikana nawo amamva nkhani ulere. Eni akewo sankavomera. Ukawalankhula ankatembenuza tsaya lamanzere n'kukuyang'ana pakamwa, ati akulingalira.

Ine ndine Elsie, ndimagula matabwa a paini kuphiri n'kukagulitsa ku Limbe. Nditatopa ndi kupempha malole a eni, chaka chatha ndinagula yangayanga, yakale, ya matani atatu, kwa bambo wina wa pakamwa potsetsereka. Chimene ankanyadira kwambiri chinali injini. "Tamverani nokha, mayi," anatero. "Palibe zoti tcheketcheke ngati malole a anzanuwa." Ndinamvera, ndinakondwa, ndinagula. Dalaivala wanga, a Shafik, anaikonda kuposa ine, ankaipukuta ngakhale pa matayala.

Patatha miyezi iwiri loleyo inayamba ulesi. M'mawa inkavuta kulira, ndipo ikatentha pa chitunda chopita ku Chawe inkachita befu ngakhale ilibe katundu. Wina anati tikasetetse mavavu. Mavavu ndi tizitseko ta mkati mwa injini, ndipo pakati pa vavu ndi chitsulo choikankha pamayenera kutsala kampata kopyapyala ngati chikhadabo. Mpatawo ukakula, injini imachita phokoso. Ukatsekeka, injini imakhala phee, koma vavuyo imapsa pang'onopang'ono. Ogulitsa malole ena amadziwa kuti ife ogula timagula ndi makutu, ndiye amamangitsa dala.

A Shafik anakanitsitsa. "Madamu, injini yakale satsegula popanda chifukwa. Mudula mabauti, gasiketi yotsekera oyilo ing'ambika, oyilo ayamba kudontha. Galimoto yabata chonchi muifuna chiyaninso?" Nawonso ankanena zoona. Choncho tinapita kwa a Japhet kuti akatiweruze.

Pansi pa mangopo panali madalaivala ena anayi akudikira. A Japhet anatukulitsa mutu wa lole, a Shafik analiza injini, sikuludiraiva inapita kukhutu. Anatsinzina. Anasuntha nsonga, natsinzinanso. Anasintha khutu. Ine ndinkawayang'ana thukuta likutsika m'khosi mwawo pamene kunja kunali kozizira, ndipo ndinazindikira chimene chinkawavuta. Sankamva kanthu. Koma sakanatha kudziwa ngati chete ameneyo anali wa injini kapena wa khutu lawo.

"Mdala, tangonenani kuti ili bwino, tizipita," anatero a Shafik.

Akanangogwedeza mutu, palibe akanatsutsa. Madalaivala aja akanati a Japhet anena, ife tikanapita, ndipo vavu ikanadzapsa patapita miyezi palibe akanakumbukira tsikuli. Anatsitsa sikuludiraiva, naipukuta nthawi yaitali pa ovolosi.

"Achemwali, isiyeni igone pano. Mavavu sayeza injini ikutentha. Mubwere mawa m'mawa."

Ndinakwiya, ndisaname. Matabwa anga anali panja kuphiri, chiperoni chikubwera, ndipo munthu amene amaweruza injini m'mphindi ziwiri akundiuza za mawa. Ndinawayankha mawu osakoma, oti ngati ntchito yawakulira anene tipite kwina. Sindikudziwa ngati anamva. Njira yonse yobwerera kwathu ku Sadzi ndinkapemphera kuti akhale kuti sanamve.

M'mawa mwake phiri silinkaoneka ndi nkhungu. Madalaivala aja anali atabwera kale, ena awiri ataonjezekera, poti mbiri yoti a Japhet agoneka lole osanena kanthu inali itayenda. A Japhet anamasula chivundikiro cha pamwamba pa injini mosamala, bauti iliyonse akuinyengerera. Kenako anapisa m'thumba la mkati n'kutulutsa kanthu kokulunga m'pepala la pulasitiki. Inali filageji, tizitsulo topyapyala topindika ngati mpeni wa m'thumba, toyezera mpata wa mavavu. Inali yatsopano, yosadetsedwa ndi oyilo n'komwe.

Dalaivala wina wachikulire, a Wilson, anaseka. "Aa, a Japhet! Si inu munkati zimenezo n'za ana a ku koleji, opanda makutu?"

"Ndine," anayankha a Japhet osatukula mutu. "Tsopano wopanda makutu ndine. Lakumanja linatseka chaka chatha, lakumanzere likutsatira. Dzulo sindinamve chilichonse, Wilson. Ndikanati ili bwino ndikananama."

Palibe anasekanso. Ine ndinayang'ana pansi, manyazi atandigwira chifukwa cha mawu anga a dzulo lija, komanso chisoni, poti ndinkadziwa kuti pofika masana nkhaniyi ikhala itafika kudepoti, ndipo ena mwa madalaivalawa sadzaimanso pansi pa mangopo.

Anayamba kuyeza. A Shafik ankazunguza injini ndi sipanala pang'onopang'ono, a Japhet akulowetsa kachitsulo pa vavu iliyonse, magalasi ali pamphuno. Yoyamba kanalowa movutikira. Yachiwiri chimodzimodzi. Pa mavavu atatu otulutsa utsi, ngakhale kachitsulo kopyapyalitsitsa kanakana kulowa. Anawaitana a Shafik kuti ayese okha, ndipo atalephera, a Japhet anangoti, "Chakudza sichiimba ng'oma, achimwene. Ulendo umodzi kapena maulendo awiri a ku Limbe mutadzaza matabwa, bwenzi tikukamba zina."

Ntchitoyo inawatengera ola lathunthu. Ankamasula nati, kupotoza pang'ono, kulowetsa kachitsulo, kukakoka, kumanganso, n'kuyezanso kachiwiri poti ati nati ikamamangidwa imaba mpata. Zala zawo sizinaiwale kanthu. Bauti siinaduke ngakhale imodzi, ndipo gasiketi anaibwezera yomweyo.

"Lizani," anatero.

Injini inalira kamodzin'kamodzi. Pamwamba pa kugunda kwa dizilo panali kaphokoso kena kakang'ono, kofanana, ngati makina osokera akutali. A Japhet anaima pambali manja ali lende. Injiniyo sanaiyang'ane n'komwe, ankayang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi, ndipo anathera pa ine.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "ikuti bwanji?"

Ndinasendera kufupi ndi khutu lawo lamanzere, pamaso pa madalaivala onse aja, ndipo ndinakuwa.

"Ikuti tcheketcheke, achimwene. Pang'ono, mofanana."

Anagwedeza mutu. "Ndi momwemo," anatero. "Kaphokoso kameneko ndikukakumbukira."