Waya woduka pansi pa nthochi

Ndinali wa zamagetsi wa boma ku Karonga, mlendo wochokera ku Ntchisi, masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Lachitatu lina m'mawa anandiitana ku nyumba ya alendo. Nduna inkabwera Lachisanu, koma magetsi a m'mbali mwa kanjira kochokera pageti anali atazima kuyambira Lolemba. Analipo khumi ndi awiri, pa timapaipi tolekeza m'chiuno. Anayi oyamba ankayaka, ena onsewo zii.

Ndinapeza tcheyamani wa chipani wa deralo atafika kale, mlandu ataugamulanso kale: wina wadula waya dala kuti nduna ichititsidwe manyazi. Dzina sanatchule, koma maso ake sankachoka pa mkulu wosamalira maluwa, amene tonse tinkangomuti gadeniboyi ngakhale anali ndi imvi. Mwana wamkazi wa mkuluyo anakwatiwa kutsidya kwa Songwe, ku Tanzania, ndipo nthawi imeneyo zokhazo zinali zokwanira kuti munthu atengedwe osadziwika tsiku lobwerako.

Ndisaname, nanenso ndinamukayikira. Ndikangoyandikira, iye ndi wophika ankadula Chinkhonde chawo n'kukhala duu. Ndinkati mumtima, akubisa chiyani anthuwa? Sindinaganize n'komwe kuti nawonso ankandiona ngati khutu la boma.

Komabe waya sadziwa miseche, ndiye ndinayamba ntchito mmene ndinaiphunzirira. Fyuzi inali bwinobwino. Ndinazula babu lachisanu n'kuliika pa getsi loyamba, linayaka. Ndinatsegula kabokosi ka patsinde pa getsi lachinayi, tesita yanga yoyesera magetsi inawala. Pa lachisanu, olo pang'ono. Vuto linali m'nthaka, pakati pa awiriwo.

Pakati pomwepo panaima nthochi. Kumeneko mlendo wamkulu akamabwera ankadula mitengo ya nthochi n'kuizika m'mbali mwa njira ngati inamera pomwepo, n'kupachikamo timbendera. Nditafunsa amene anakumba dzenje la nthochiyo, wophika anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya mphika pamoto. Mkulu uja anadikira tcheyamani apite kugeti, n'kuwerama ngati akuzula udzu.

"Bwana, ine nawauza kuti pasi apa pali waya," ananong'ona. "Iwo ati nikhale chete."

Anandiuza kuti tcheyamani mwiniyo ndiye anam'landa khasu Lolemba masana, kuti aonetse achinyamata a chipani kakumbidwe kake. Swichi inali yozimitsidwa, n'chifukwa chake sanagwidwe shoko. Ndinagwetsa nthochiyo n'kufukula ndi manja. Kebulo inali itaduka kamodzi n'kamodzi, mkuwa ukuwala, chizindikiro cha khasu lonoledwa bwino. Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo manyazi anandigwira chifukwa cha munthu amene ndinamuganizira zoipa m'mawa wonse.

Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanati ndi khasu, funso likanakhala lakuti khasu la yani, ndipo mwini wake anali atagwada pambali panga. Ndikanatchula amene analigwira, galimoto ya polisi ikanatenga tonse awiri. Ndinatenga pulaya, ndinadula nsonga zonse ziwiri n'kuziponya m'thumba la ovololo.

Tcheyamani atabwerera anaima pamwamba pa dzenje. "Mwapeza chiyani, bambo?"

"Ndi mfuko, a tcheyamani. Yatafuna waya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa kuti ndikudziwa, ndipo ndinaona kuti akuyesa ngati ndine munthu wosunga pakamwa kapena wongodikira tsiku. Kenako anatembenukira kwa mkulu uja n'kufunsa modekha kuti zitheka bwanji mfuko kumasewera m'munda wa boma pamene pali munthu wolembedwa ntchito youyang'anira.

Apo ndinadziwa kuti bodza langa ndalilumikiza molakwika, koma kulibweza sikukanatheka. Kebulo ndinailumikiza bwino, ndinaikulunga tepi n'kuikwirira, magetsi onse anayaka. Nduna inafika Lachisanu masana, inadya, n'kupitirira dzuwa likadali pamutu.

Loweruka mkulu uja anam'chotsa ntchito chifukwa cha ulesi, atagwira pamenepo kuyambira nthawi ya azungu. Lolemba anandipeza ku wekishopu. Ndinaimirira ndikuyembekeza kuti andinyoza, ndipo ndikanakonda akanatero. Iye anavula chipewa, nandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Ndaga, bwana," anatero, kuthokoza m'chinenero chake. "Nagona panyumba panga, na wana wanga."

Ndinayankha kuti zikomo, ngati munthu amene wachita zabwino.